Mpingo ndi dambwe m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mishoni ya Mvera ku Dowa inayamba mu 1889, pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anapatsidwa malo m'dera la Mfumu Chiwere ya Angoni. Ya Kongwe inatsatira mu 1894. Ambiri mwa obatizidwa anali Achewa, ndipo anauzidwa kuti asankhe chimodzi: kalasi kapena dambwe. Mkhristu wopita kudambwe ankadulidwa. M'malo mwa chinamwali munabwera chilangizo, chomwe amayi aakulu a mumpingo amalangiza nacho atsikana otha msinkhu popanda ng'oma kapena zilombo.

Komatu mpingo womwewo unasamala chinenero. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mphunzitsi wa mishoni, Samuel Ntara, analemba Mbiri ya Achewa.

Nkhani ya mpingo ndi dambwe imawawa kwambiri pamaliro. M'midzi ya Ntchisi banja limodzi limatha kugawikana: amayi a Chigwirizano akufuna kuimba nyimbo pasiwa, amalume akuti malemu anali wolowa, zilombo zituluke. Onsewo ndi Achewa, ndipo onse akulira m'bale wawo. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma Sinodi ya Nkhoma, yomwe inachokera ku mishonizi, siilolabe akhristu ake kulowa gule.