Ngwazi za m'mafilimu nazo zayamba kufa

Magaye, taonani mmene mafilimu a ngwazi asinthira. Superman wa Christopher Reeve, wa 1978 uja, chipolopolo sichinkamulowa. Lois Lane atafa, iye anangozungulira dziko n'kubweza nthawi, basi. Pofika 2008 kwabwera Iron Man, munthu chabe, zidutswa za bomba zili pafupi ndi mtima, mphamvu zake n'zitsulo zodzipangira yekha. Mu Endgame ya 2019 anafa ndithu, ndipo nkhondoyo anaimenya ali gulu.

Ine ndili ku zatsopanozi. Kwathu kuno mwera ukatenga munthu palibe wobweza nthawi, ndipo chilimira sichikokedwa ndi mmodzi. Ngwazi yosavulala ingandiuze chiyani za mantha? Ena mumati chasintha ndi kompyuta yokha. Ayi, onaninso bwinobwino, tidzakangane kudoko.