Tochi ya foni pakati pa usiku

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 6 pomwe anayamba kudzuka usiku akulira, akudzikanda kumalo obisika mpaka kufiira. Masana ankasewera bwinobwino, koma kukada tulo tinkangotimvera kwa anzathu.

Apongozi sanachedwe kutchula dzina. "Amenewa ndi mauka, mwananga. Tipite naye kwa azamba akamuone." Ndinkadziwa kuti kuonako kumathera pa lezala, choncho ndinakana mwaulemu, ngakhale tinakhala masiku tikuyankhulana mokoka. Nanenso ndinaphonya. Poganiza kuti ndi litsiro, ndinkamusambitsa ndi sopo wochapira m'mawa ndi madzulo. Zinangonyanya.

Kuchipatala anamwino anayamba ndi funso lomwe linandiumitsa pakamwa: kodi pali munthu amene anamugwirapo mwanayu? Anamufunsanso mwiniwake, mofatsa. Panalibe, koma mpaka lero ndimathokoza kuti anafunsa. Kenako anandilongosolera kuti mtsikana asanathe msinkhu khungu la pamenepo limakhala lopyapyala, poti thupi silinayambe kupanga estrogen wokwanira. Sopo, panti wothina wa nayiloni, kapena kudzipukuta kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, n'zokwanira kumuyabwitsa. Candida amene amavutitsa ife akuluakulu sagwira kawirikawiri ana a msinkhu umenewo.

"Koma poti zikumachitika usiku, mayi, akagona mukamuunike kotulukira chimbudzi."

Ndinadikira mpaka agone tulo tofa nato, n'kuyatsa tochi ya foni. Ndinationa ndi maso angawa: tinyongolotsi toyera ngati tiziduswa ta ulusi, totalika ngati sentimita imodzi, tikuyendayenda. Timatuluka usiku kudzaikira mazira, ndipo kwa atsikana tina timasochera n'kulowera kutsogolo. Mwana akakanda, mazira amakanirira m'zikhadabo, n'kubwerera mkamwa ndi nsima yomwe.

Titabwerera kuchipatala, anatipatsa mebendazole, nyumba yonse, n'kutiuza kuti tibwereze pakatha milungu iwiri chifukwa mankhwalawo sapha mazira. Ndinawenga zikhadabo za ana onse, ndinachapa zofunda ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa, ndinagula mapanti a kotoni. Kumalo obisika kuja tsopano timangotsuka ndi madzi okha, m'mawa akangodzuka.

Sabata lisanathe, anagona osadzuka mpaka tambala kulira. Ine ndi amene ndinadzuka kawiri kukamusuzumira, pozolowera. Apongozi piritsi lawo anameza ndithu, maulendo onse awiri, koma akuyang'ana kumbali.