Kuchipinda cha sikani

Mukadutsa benchi yomwe amayi oyembekezera amadikirirapo sikelo, mabuku a kuchipatala ali m'manja, mumafika pa chitseko chotseka. Mkatimo muli kamdima, makatani anatsekedwa dala kuti chithunzi chizioneka bwino. Muli bedi limodzi, makina a sikani pambali pake, ndi botolo la mafuta ozizira opaka pamimba.

Mayi wa mimba ya miyezi isanu wagona chagada. "Adokotala, ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Dekhani mayi, tiyambe taona zina."

Mutu, mtima ndi msana wa mwana akuziyeza mosachedwa. Pomwe akukhalitsa ndi pa nsengwa. Akufuna aone malo enieni pomwe chingwe cha mchombo chalowera. Chikalowa pakati pa nsengwa, mtima pansi. Koma nthawi zina chimathera pa chikopa chopyapyala cha nsupa, mitsempha n'kuyenda yokha popanda chotchinga, ngati mawaya osendeka. Ikadutsa pa khomo la chiberekero, pomwe mwana adzatulukire, madokotala amati vasa previa.

Mayi samva kupweteka kulikonse, ndipo n'chifukwa chake vutoli limandiopsa. Tsiku lomwe nsupa yasweka, mtsempha umatha kung'ambikira limodzi, ndipo magazi otayikawo ndi a mwana, osati a mayi. Khanda lokhwima lili ndi magazi pafupifupi mamililita 300 okha. Limatha m'mphindi zochepa.

Woyezayo adina batani, ndipo pa chithunzi chotuwa pabwera mitundu iwiri, yofiira ndi yabuluu. Iyi ndi Doppler, yoonetsa komwe magazi akulowera. Nsengwa ya mayiyu yakhala m'munsi, choncho akuwapempha chilolezo choti aunike ndi kachipangizo kolowetsa kunjira yoberekera, komwe khomo limaoneka bwino. Amachitanso chimodzimodzi nsengwa ikakhala yogawika pawiri, mimba ikakhala ya mapasa kapena ya IVF, yokumanitsa mbewu kunja kwa thupi.

Vutoli ndi losowa, mabuku ambiri amati mimba imodzi mwa 2,500. Koma kafukufuku wa Yinka Oyelese ndi anzake wa mu 2004 anapeza kuti likadziwika mimba isanakwane, ana 97 mwa 100 amapulumuka. Likapanda kudziwika, 44 okha. Mankhwala ake ndi opaleshoni yokonzeratu, pakati pa masabata 34 ndi 37, matenda asanayambe. Bungwe la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi masabata 24 asanakwane, ndipo ine ndimati pa mpata umodziwo, chingwe cha mchombo chisamadumphidwe.

Pa khomo la chiberekero cha mayiyu sipakuoneka mtsempha. Woyezayo awapatsa pepala lopukutira, n'kulemba m'buku tsiku loti adzabwerenso, kuti adzaone ngati nsengwa yakwera.

"Mukangoona magazi, ngakhale pang'ono, musadikire kuti kuche. Muwauzenso bambo kunyumba, ndalama yoyendera ikhale pafupi. Muitane wina alowe."