Achemwali, musalole kuti aifomate

Okondedwa Achemwali,

 

Uthenga wanu ndaumva: laputopu inali mkati mwa update, magetsi n'kuthima, batire nalo linatha kalekale, ndipo kuchokera tsiku limenelo ikungozunguza timadontho kenaka n'kuonetsa sikirini yabuluu. Ndamvanso kuti mnyamata wokonza mafoni amene munamuonetsa ku Limbuli akuti mankhwala ake n'kuifomata. Chonde musavomere. Kufomata n'kufufuta zonse, pomwe mmenemo muli malikisi a ana a m'kalasi mwanu ndi zithunzi za malemu mayi athu. Zapapepala zija zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Zatsala n'zomwezo, tilibenso kwina kokazitenga.

Mtima ukhale m'malo. Pa nthawi ya update, Windows imachotsa mafayilo ake akale n'kumaika atsopano, ndiye ntchitoyo inadukira panjira. Nthawi zambiri mafayilo a mwini kompyuta sakhudzidwa. Zili ngati nyumba yomwe loko wake wakana: katundu ali m'katimo, chofunika n'kutsekula chitseko. Pa 19 Julayi 2024, update yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inaimitsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse, ndege n'kulephera kunyamuka, mabanki n'kuima. Akatswiri sanafomate, ankalowa mu Safe Mode n'kuchotsa fayilo yovutayo, makina n'kudzuka.

Tsono chitani izi, koma pamalo pomwe magetsi sakuthimirani, kaya ndi pa sola yodzadza bwino. Zulani fulashi ndi china chilichonse, mungosiya chaja. Yatsani laputopu, ndipo chizindikiro cha Windows chikangooneka, dinikizani batani loyatsira mpaka ithime. Bwerezaninso. Kachitatu isiyeni, iyenera kulemba kuti Automatic Repair. Pamenepo sankhani Advanced options, kenaka Troubleshoot, kenakanso Advanced options, mupeza mawu akuti Uninstall Updates. Sankhani Uninstall latest quality update, ndipo mudikire ndithu ngakhale ioneke ngati yagona. Ikakana, yesani Startup Repair kapena System Restore, zili pompo. Mawu akuti Remove everything musawakhudze, ngakhale wina akuuzeni kuti n'chidule.

Mwina ikufunsani BitLocker recovery key. Amenewa ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft yomwe munalowera nayo laputopu ili yatsopano. Mutha kuwapeza ndi foni yanu. Muwalembe m'kope mosamala, chifukwa popanda iwo ngakhale katswiri sangawerenge chilichonse mu disiki yokhomedwa chotere.

Zonsezi zikakanika, nkhani sinathe. Ndikonza fulashi ya 8GB yokhala ndi Ubuntu, ndiipatsira munthu wokwera minibasi ya ku Muloza. Kompyuta imatha kuyakira pa fulashi imeneyi osasintha kanthu m'kati, n'kukopera mafayilo anu onse kwina. Kupanda apo, wokonza atha kuchotsa disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Mnyamata uja sindikumuda. Kufomata n'kwachangu ndipo makasitomala ambiri amangofuna kuti makina ayake. Koma wokonza wabwino amayamba wafunsa kuti m'katimu muli chiyani.

Ikadzuka, musadane ndi ma update, amatseka mipata yolowera mavairasi. Kungoti muziwalola pokhapokha magetsi ali odalirika. Kukakhala mitambo yakuda kuphiri, pitani ku Settings mukawaimitse kaye. Batire ndigula ine mwezi ukatha. Ndipo tsiku lomwelo zithunzi za mayi muzikopere pa fulashi, zina munditumizire, zikhale malo awiri.

Chimene ndikupempha n'chimodzi, achemwali: laputopuyo isachoke m'manja mwanu musanandiimbire. Mukaiyatsa, foni ikhale pafupi, muzindiwerengera zomwe zikutuluka pa sikirini, tidzayendera limodzi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mlongo wanu.