KUCOKERA KU KABWATA KUFIKA KU CHELSTONE: UTSI WA MAGETSI ATHU ULI KUTI?

Mlendo woyenda mu Cairo Road, kuyambira pa Findeco House kufikira pa Kabwe Roundabout, saona cumuni ca malasha ngakhale cimodzi. Mzinda wa Lusaka uotha moto wosonkhedwa kutali. Nthambo zikuluzikulu zocokera ku Kafue Gorge ndi ku Kariba zifikira ku Leopards Hill, ndipo kucokera kumeneko mphamvu igawidwa m'makomboni ndi m'mayadi.

Mphamvu imeneyi kwenikweni ndi madzi, ndipo m'caka ca 2024 madziwo anacepa. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Pofika September nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima maora 21 pa tsiku. Ku Kabwata, pafupi ndi nyumba zozungulira za udzu za Cultural Village mu Burma Road, khomo lililonse linali ndi mbaula. Owocherera zitsulo ndi ometa tsitsi anali kudikira magetsi pakati pa usiku monga mlenje adikira nyama pa dziwe. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga kunali kulira majenereta kuseri kwa mipanda, kotero kuti mlonda wa pageti sanali kumva ngakhale hutala ya bwana wake.

Anthu a mu Lusaka akati "malasha" atanthauza makala a mitengo. Koma malasha amene anagwira mzinda pa dzanja caka cimeneco ndi a mwala, okumbidwa ku Maamba m'boma la Sinazongwe, mtunda wa makilomita oposa 300. Mgodi umenewu unatsegulidwa pambuyo pa UDI ya 1965, pamene Zambia inafuna kuleka kudalira malasha a ku Wankie. Mu 2016 anayatsa makina opanga mamegawati 300, ndipo mu 2024 anayamba kumanga ena a mamegawati 300. Moto umenewo sufunsa ngati mvula yagwa.

Tsono inu awerengi mufunse: nanga utsi? Pa yuniti iliyonse ya magetsi a malasha patuluka mpweya wa kaboni wolemera pafupi-fupi kilogramu imodzi. Mpweya womwewu ndiwo utenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula imene Kariba ayembekeza. Akatswiri ali nayo njira yougwirira. Utsi aupititsa m'nsanja momwe muli mankhwala amadzi ochedwa amine, amene amwa mpweyawo. Mankhwalawo akawatenthetsa ausanza, ndipo makina aupanikiza kufikira ukhale ngati madzi. Pomaliza aupopera pansi pa nthaka, mamita oposa 800, m'mwala wa mcenga wokhala ndi mwala wina wolimba pamwamba pake ngati civundikiro ca mphika.

Dziko la Norway lacita zimenezi ku Sleipner, pansi pa nyanja, kuyambira 1996, ngakhale kuti mpweya wao ucokera ku gasi. Pa malasha, oyamba anali a ku Boundary Dam m'dziko la Canada mu 2014. A ku Petra Nova ku Texas anayamba mu 2017, naleka mu 2020 mtengo wa mafuta utagwa, nayambanso mu 2023. Ngati olemera apumira panjira cotere, katunduyo ndi wolemeradi.

Pansi pa Lusaka peni-peni nkhokwe yotere siingakumbidwe. Mbali yaikulu ya mzinda inakhala pa mwala wa laimu wodzala ming'alu ndi mapanga, womwe uja amai auphwanya ndi nyundo m'mbali mwa miseu ku Kalingalinga. M'ming'alu imeneyo ndimo muli madzi amene zitsime za mzinda zipopa, ndipo palibe wanzeru angaike mpweya wopanikizidwa pansi pa mtsuko womwera. Cozizwitsa n'cakuti mwalawo pa wokha ndi kaboni amene anagona m'nthaka kalekale; a ku Chilanga akauocha kuti apange simenti, mpweyawo uuluka. Miyala ya mcenga yoyenera kuyesedwa ili m'cigwa ca Gwembe, komwe kuli malashako, koma iyenera kuboola ndi kupimidwa zaka zingapo munthu asanaikhulupirire.

Pali cinanso cimene munthu aganiza ataima pansi pa thanki ya madzi ya ku Chelstone madzulo, poona nyumba zoyala mbali zonse za Great East Road. Makina ogwira mpweya adya gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a mphamvu ya siteshoni. Pa mamegawati 300 a ku Maamba, ndiye kuti 60 kapena 75 sangafike n'komwe pa nthambo ya ku Muzuma. Ine ndiona kuti mai wa ku Chelstone amene anataya nyama ya m'firiji mu 2024 sangavomere msanga malonda otere, pokha-pokha maiko amene anadzaza thambo ndi utsi atalipira mtengo wake. Ku Maamba makina ogwira mpweya kulibe.