Tiyi wochepetsa thupi ndi matumbo athu

Kale kuno ku Molumbo kunenepa sikunali chodandaulitsa. Mayi akanenepa tinkati ali pabanja labwino, ndipo m'zaka zimene Edzi inatipulula, woonda ndiye ankalozedwa chala. Lero zatembenuka. M'misika ya m'malire muno, ngakhalenso pa WhatsApp, tikuona timapaketi ta tiyi ndi timabotolo ta zitsamba zimene ogulitsa akuti zimasungunula mafuta ndi kutsuka m'mimba.

Zambiri mwa zitsambazi zimakhala ndi masamba otchedwa senna kapena utomoni wowawa wa alovera. Ntchito yake n'kutekesa thumbo lalikulu kuti likankhe zam'kati msangamsanga. Munthu akamwa madzulo, pakapita maola 6 mpaka 12 amayamba kuthamangira kuchimbudzi, m'mimba mukupotokola. Komatu chakudya chimalowa m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono, chisanafike n'komwe kumene mankhwalawo amagwira ntchito. Choncho nsima imene tadya yalowa kale. Chimene chatsika pasikelo ndi madzi, ndipo tikamwa madzi chimabwerera. Mafuta aja ali pomwepo.

Chimene chimatizunguza mutu n'chakuti ife tomwe timakudziwa bwino kutsegula m'mimba. M'chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, kolera inavuta m'chigawo chathu cha Zambezia, makamaka ku Quelimane. Tinkaphitsa madzi, tinkasungunula Thanzi, podziwa kuti thupi likatha madzi ndi mchere munthu amapita tikuona. Nanga bwanji lero tikutulutsa ndalama za nandolo kukagula kutsegula m'mimba, n'kumati thupi likuyera?

Pamodzi ndi madziwo pamatayikanso mchere wa potaziyamu, umene umathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Ukachepa, miyendo imalefuka ndipo mtima umagunda modumphadumpha. Kwa amene akumwa mankhwala a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi, ngoziyo imakula. Mapiritsi akulera nawonso akhoza kutuluka asanagwire ntchito. Ndipo amene wamwa kwa miyezi amapeza kuti akaleka, kudzimbidwa kumamugwira, ndiye amabwerera kwa wogulitsa uja n'kuwonjezera mlingo. Ngakhale achipatala amapereka senna kwa wodzimbidwa, kawirikawiri amatero kwa masiku ochepa, pa mlingo wodziwika. Ku America, mu 2002 bungwe la FDA linachotsa alovera pa mankhwala otsegula m'mimba ogulidwa popanda kalata ya dokotala, chifukwa panalibe umboni wokwanira woti ngosavulaza. Botolo lopanda chizindikiro la pamsika, ndani analiyeza?

Sitikunyoza zitsamba zonse, ndiponso sitikuseka mlongo amene mawondo akumupweteka chifukwa cha kulemera kwa thupi. Vuto lakelo ndi lenileni. Limachepa pang'onopang'ono pochepetsa mitanda ya nsima, shuga ndi zokazinga, pochulutsa masamba ndi nyemba, ndiponso poyenda. Koma amene wamwa tiyiyu n'kuona magazi m'chimbudzi, chizungulire, kapena kutsegula kosaleka, aleke lero lomwe, apite kuchipatala atanyamula paketiyo kuti anamwino akaone chimene wamwa.