Munda wa Pansi pa Nyanja ku Chumbe

Ife a ku Zambia tinabadwira kutali ndi nyanja ya mcere. Madzi amene tidziwa ndi a Luangwa ndi Zambezi, ndipo makolo anatiphunzitsa kuwaopa cifukwa ca ng'ona. Conco pamene bwato linatifikitsa pa kacisumbu ka Chumbe, kum'mwera kwa tauni ya Zanzibar, mantha anatigwira.

Mlonda wa malowo anatipatsa galasi lovala kumaso, kapaipi kopumira ndi nsapato zonga mapazi a bakha. Anatilangiza kugona cafufumimba pamwamba pa madzi, osaponda kapena kukhudza kanthu kali konse.

Titamiza nkhope, mantha anatha. Pansi pathu panali munda waukulu: zina zonga nyanga za mbawala, zina zonga bowa, zina zonga bongo wa munthu. Tinsomba tacikasu ndi tamizeremizere tinali kulowa ndi kutuluka m'mipata. Tinamva ngakhale kukukuta kwa nsomba yochedwa pono m'Ciswahili, imene ipala miyala ndi mano onga mlomo wa cinkhwe, nkuitulutsa ili mcenga woyera.

Ife tinayesa kuti ndi miyala cabe, koma zinthuzi, zochedwa makorali, ndi zamoyo. Tizilombo ting'onoting'ono timanga tinyumba ta laimu, ana pamwamba pa makolo ao, ndipo mitundu ina ikula sentimita imodzi yokha pa caka. Phazi limodzi lingathyole nchito ya zaka makumi ambiri. M'matupi mwa tizilomboto mukhala ndere imene itipatsa cakudya ndi mtundu. Madzi akatentha mopitirira, ndereyo icoka, makorali ayera mbuu, ndipo kutentha kukapitiriza afa ndi njala. Izi zinaononga matanthwe ambiri m'nyanja ya Indian Ocean mu 1998 ndi mu 2016.

Boma la Zanzibar linaletsa usodzi pa thanthwe la Chumbe mu 1994, ndipo alonda ake oyamba anali asodzi a m'midzi yapafupi. Nsomba zoswana m'malo otetezedwawo zifalikira kumene asodzi aponya maukonde ao.

Pobwerera tinakumbukira mitsinje yathu, kumene ena agwira nsomba ndi maneti a udzudzu, kukokolola ndi ana omwe. Kodi adzukulu athu adzapezamo ciani? Ku Chumbe tinaona ndi maso athu kuti madzi opatsidwa mpumulo abwezera mwini wace.